Za Mkwatibwi Amene Sanafunsidwe

Madzulo ali onse ku Ndirande, ku Bangwe ndi ku Zingwangwa anyamata ndi atsikana amaunjikana m'tinyumba toonetsera kanema, momwe zithunzi za ku India zomasuliridwa m'Chichewa zimawaseketsa ndi kuwaliza. Makolo ena amadandaula nazo. Kuseka sikulakwa ai. Choyenera kuchipenyetsetsa ndicho chiphunzitso chimene chimalowa mumtima pamene munthu ali kuseka.

Mwa zilankhulo zambiri za ku India muli china chotchedwa Kannada, cha anthu a chigawo cha Karnataka, kumene mzinda waukulu ndi Bengaluru. M'chaka cha 2006 kunatuluka kanema wa chilankhulochi, dzina lake Mungaru Male, wokonzedwa ndi Yogaraj Bhat, amene anaonetsedwa koposa chaka chathunthu m'nyumba imodzi ya kanema mumzindawo. Nkhani yake iyamba ndi nthabwala. Mnyamata wina, Preetham, aona namwali, Nandini, namkonda. Aperekeza amai ake ku ukwati ku Madikeri, dziko la mapiri ndi mvula yosakata, napeza kuti mkwatibwi ndi Nandini yemweyo, wotomeredwa ndi msilikali. Pang'ono ndi pang'ono namwaliyo amkondanso. Koma potsiriza mnyamata, posafuna kupasula zimene akulu anamanga, adzionetsa ngati wosamfuna, kuti namwali amchotse mumtima. Ukwati uchitika, iye nachoka yekha.

Ambiri anamtama mnyamatayo, ndipo mbali ina ayeneradi kutamidwa, pakuti chikondi chodziwa kudzimana chiposa kutali chikondi chongolanda. Anyamata otha kulemekeza mbeta yotomeredwa ndi mnzao sachuluka, kaya ku India kaya ku Machinjiri.

Komatu m'nkhaniyi muli munthu amene sanafunsidwe. Preetham anaweruza yekha mlandu wa anthu awiri, ndipo chida chake chinali bodza. Katekisimu aphunzitsa kuti cholinga chabwino sichiyeretsa bodza, ndipo bodza ili linali lolemera chifukwa linalanda namwali mwai wosankha akudziwa zoona. Eklezia aphunzitsa kuti chomanga ukwati ndicho kuvomera kwaufulu kwa mwamuna ndi mkazi eni ake. Lamulo 1057 la m'buku la Malamulo a Eklezia la 1983 linena poyera kuti palibe mphamvu ya munthu ingavomere m'malo mwao: kaya makolo, kaya ankhoswe, ngakhale wansembe, amene aima pamenepo ngati mboni ya Eklezia. Chinkhoswe ndi lonjezo lolemekezeka, ndipo wochiphwanya mwachibwana achimwa. Komabe sichili sakramenti, ndipo lamulo 1062 likaniza kuumiriza munthu kukwatira chifukwa cha lonjezo lotere. Mnyamatayo akadanena zoona, namusiya namwali asankhe, kapena ukwati ukadachitikabe. Koma ukadakhala wosankhidwa ndi mwini wake.

Nkhani yotere sikhala ku India kokha. Akatekisti a m'maparishi a Blantyre amamdziwa mtsikana wobwera kudzalembetsa ukwati atazyolika, azakhali namamuyankhira funso liri lonse. Holo yalipiridwa kale, nsalu za chinkhoswe zasokedwa, abale a kumudzi aitanidwa, ndipo mtsikana aopa kuchititsa manyazi mtundu wake. Mtsikana ameneyo afunsidwe payekha, azakhali ali panja, ukwati usanalengezedwe m'tchalitchi. Ndipo akakhala chete nthawi yaitali, katekisti asafulumire kulemba kuti wavomera, koma akauze wansembe.