Kodi Ndani Amasankha Awo Amene Timasankha?

KUMAPETO kwa April 1994, anthu a ku Ga-Rankuwa, tauni ya kumpoto koma chakumadzulo kwa Pretoria, anaima pamizere yaitali kuyembekezera kuponya voti. Pakati pawo panali nkhalamba zimene sizinaloledwepo ndi kale lonse kusankha olamulira a South Africa. Kuchiyambi kwa March chaka chomwecho, palibe ndi mmodzi yemwe wa iwo amene akanatsimikiza kuti tsikulo lidzawafikira, pakuti wolamulira wa chigawo chawo anali atakana kutengamo mbali m'masankhowo.

Nkosavuta kumvetsa chimwemwe chawo. Komabe pali funso limene chimwemwe cha tsiku lotero chimaphimba: Kodi munthu amene walemba X papepala wasankhadi? Talingalirani mwana amene amake amuikira mbale ziŵiri, ya nyemba ndi ya chisoso, namuuza kutenga imene akonda. Iye wasankha, inde. Koma chosankha chachikulu chinapangidwa kale pamafuwa, iye kulibe. Mofananamo, maina amene timapeza papepala la voti amakhala atasankhidwa kale ndi anthu ena. Kodi anthuwo ndani? Ndipo kodi wosankhidwayo amakhala ndi mangaŵa kwa yani?

Masankho Popanda Ufulu

Anthu a ku Ga-Rankuwa sanayambe kuona mabokosi a mavoti mu 1994. Tauniyo inakhazikitsidwa m'ma 1960 kuti antchito akuda a m'mafakitale a ku Rosslyn ndi a mu Pretoria azigona kunja kwa mzinda wa azungu. Ndiyeno pa December 6, 1977, boma la tsankho la fuko linalengeza kuti Bophuthatswana, chigawo cha zidutswa za malo zosalumikizana chimene chinaphatikizapo Ga-Rankuwa, tsopano linali dziko lodziimira palokha, ndipo Lucas Mangope anakhala pulezidenti wake. Maiko akunja sanalivomereze. Anthu ambirimbiri olankhula Chitswana anadzuka m'maŵa atalandidwa unzika wa dziko limene anabadwiramo.

Bophuthatswana anali ndi nyumba ya malamulo, zipani, ndi masankho. Komabe, pafupifupi theka la mipando ya nyumbayo mu 1977 silinali lopikisanirana; linadzazidwa ndi anthu otchulidwa kupyolera m'maulamuliro a mafumu. Ndiponso funso lalikulu koposa, lakuti kaya anthuwo anafuna dziko limenelo kapena ayi, silinaikidwepo papepala la voti. Chotero munthu woona mtima anali pamphambano. Ena anati nkwabwino kuloŵamo ndi kutsutsa uli mkati. Ena anati kuponya voti kunali kuvomereza bodza, ndipo anakhala kunyumba.

Zochitika zinasonyeza mwini weniweni wa mphamvu. Mu February 1988, pamene asilikali ena a Bophuthatswana anagwira Mangope, gulu lankhondo la South Africa ndilo linambwezeretsa pampando. Pa March 7, 1990, khamu la anthu zikwi makumi ambiri linaguba mu Ga-Rankuwa likumafuna kuti chigawocho chibwezeretsedwe ku South Africa. Linawomberedwa. Anthu angapo anafa ndipo mazana anavulala. Ulamulirowo unagwa mu March 1994, antchito a boma atanyanyala ntchito ndipo apolisi ndi asilikali ake atautembenukira. Kwa zaka 16 anthu anali ndi masankho, koma osati chosankha.

Dzina la Chipani, Osati la Munthu

Makonzedwe amene anayamba mu 1994 anali osiyana kotheratu, ndipo palibe munthu wolingalira bwino amene angawayerekezere ndi akalewo. Voti ya wosauka inalemera mofanana ndi ya wolemera. Koma onani mmene amagwirira ntchito. Kwa zaka 30, wovota anali kulemba X pambali pa chipani chokha. Chipani chilichonse chimakonza mndandanda wa maina, ndipo mipando 400 ya Nyumba ya Malamulo imagaŵidwa malinga ndi mavoti amene chapeza. Amene ali pamwamba pa mndandandawo amaloŵa; amene ali pansi amatsala. Kenako aphunguwo ndiwo amasankha pulezidenti wa dziko, monga momwenso nyumba za malamulo za zigawo zisanu ndi zinayi zimasankhira nduna zazikulu za zigawozo.

Panali zifukwa zabwino zochitira motero. M'dziko limene mafuko anakakamizidwa kukhala m'madera osiyana, kugaŵa mipando malinga ndi madera kukanangojambulanso malire akale a tsankho. Mndandanda umapatsa malo zipani zazing'ono, sutaya voti ya aliyense, ndipo wathandiza akazi ambiri kuloŵa m'nyumba ya malamulo. Zimenezi si zazing'ono.

Koma mtengo wake ulipo. Mayi wa ku Ga-Rankuwa amene mpopi wake wauma sangatchule phungu wa Nyumba ya Malamulo amene iye anamsankha ndi dzina ndi amene angamchotse ndi dzina. Phunguyo amadziŵa kuti malo ake pamndandanda amadalira akuluakulu a chipani, ndi kuti malamulo a dzikolo amati wochoka m'chipani wataya mpando. Kwathu, nkhoswe ya ukwati imalankhulira banja limene linaituma. Bwanji ngati nkhoswe yanu inatumidwa ndi munthu wina, amenenso amaidyetsa? Ingakhale munthu wabwino kwambiri, komabe tsiku la mlandu mudzafuna kudziŵa kumene khutu lake lapendekera. Thabo Mbeki mu September 2008 ndi Jacob Zuma mu February 2018 anatula pansi upulezidenti atauzidwa kutero ndi chipani chawo cha African National Congress (ANC). Kaya zosankhazo zinali zoyenera kapena ayi, wovota wamba anangozimva pawailesi.

Pamene Pakhomo Patsekedwa

Mu June 2016, kutatsala milungu yoŵerengeka kuti masankho a makhonsolo achitike, ziŵalo za ANC mu Tshwane, mzinda umene tsopano umaphatikizapo Pretoria ndi Ga-Rankuwa, zinali zogaŵanika pakati pa meya Kgosientso Ramokgopa ndi Mapiti Matsena. Pofuna kuthetsa mkanganowo, atsogoleri a chipanicho anatchula munthu wachitatu, Thoko Didiza, yemwe kale anali nduna ya zamalimidwe, kukhala wodzapikisana paumeya. Mkwiyo unabuka ku Atteridgeville ndi Mamelodi, nufalikira ku Hammanskraal, Mabopane, Soshanguve, ndi Ga-Rankuwa. Mabasi anatenthedwa, misewu inatsekedwa, ndipo anthu osachepera asanu anafa.

Panopa tiyenera kulekanitsa zinthu ziŵiri mosamala. Dandaulo lakuti anthu sanafunsidwe linali lomveka, ngakhale kuti mayi wotchulidwayo anali wachidziŵitso. Mu 2024 anadzakhala sipikala wa Nyumba ya Malamulo. Koma kodi nchiyani chimene wokwera basi wopita kuntchito anachimwa? Nanga eni timasitolo ochokera kumaiko ena, amene katundu wawo anafunkhidwa? Iwo alibe voti nkomwe m'dzikolo, ndipo sanatchule munthu aliyense. Munthu amene akudandaula kuti sanamvedwe, ndiyeno nkuthira moto chuma cha mnansi amene alibiretu mawu, wachita kwa mnzake choipa choposa chimene anachitiridwa.

Pa August 3, 2016, ANC inapeza mipando 89 mwa 214 ya khonsolo ya Tshwane, ndipo Democratic Alliance inapeza 93. Popeza kuti panalibe chipani chokhala ndi mipando yoposa theka, umeya unadalira pamapangano a zipani. Pofika October 2024, khonsoloyo inali itasankha mameya asanu ndi mmodzi, pamene kuli kwakuti anthu wamba anavotera khonsoloyo kaŵiri kokha, mu 2016 ndi mu 2021.

Kodi Masankho Achipulula Ndiwo Mankhwala?

Ena amati yankho ndilo kulola anthu wamba kusankha oimira chipani poyambirira penipenipo. Ku United States, boma la Wisconsin linavomereza makonzedwe otero mu 1904, pofuna kulanda mphamvu amuna oŵerengeka amene anali kugaŵana mipando m'zipinda zotseka. Lerolino maboma ambiri a dzikolo amachita masankho aŵiri: oyamba osankha woimira chipani paubwanamkubwa ndi panyumba ya malamulo, ndi achiŵiri opikisanitsa zipani. Kufunika kwa oyambawo kunaonekera bwino ku Texas, kumene chipani chimodzi chinali kupambana nthaŵi zonse ndipo chinaletsa anthu akuda kuvota m'masankho ake oyamba. Iwo akanatha kuvota pambuyo pake, nkhani itatha kale. Bwalo Lalikulu la dzikolo linathetsa mchitidwewo mu 1944.

Komabe, khomo lotseguka silitanthauza kuti onse amaloŵa. Kaŵirikaŵiri oŵerengeka okha, otentheka maganizo koposa, ndiwo amafika pamasankho oyamba, ndipo wopikisana amafunikira ndalama zochitira ndawala kaŵiri. Aŵerengi a ku Malaŵi amadziŵa mbali ina ya vutoli. M'masankho achipulula ambiri kumeneko, nthumwi zakhala zikuima pamzere kumbuyo kwa munthu amene zikumfuna, dzuŵa likuswa mtengo. Kuŵerenga kwake nkosavuta. Koma kodi munthu angaime motani kumbuyo kwa wina pamene amene anamgulira bokosi la maliro a amake akumyang'ana? Ambiri ogonja amadandaula za chinyengo naima paokha, ndipo m'masankho a 2019 aphungu oima paokha 55 anapambana panthaŵi imene nyumbayo inali ndi mipando 193. Mmalaŵi amamdziŵa phungu wake ndi dzina, nzoona. Koma chigawo 64 cha malamulo aakulu a dzikolo, chimene chinalola anthu kuchotsa phungu nthaŵi yake isanakwane, chinafafanizidwa ndi aphunguwo mu 1995, chitangokhalako chaka chimodzi.

Chipani, Anthu, ndi Chikumbumtima

Motero palibe makonzedwe amene amachotsa funso la makhalidwe, amangolisamutsa. Potsirizira pake limafika pamunthu mmodzi wokhala pampando, amene mawu atatu akumuitana. Mu 1774, Edmund Burke anauza anthu a ku Bristol, England, amene anali atangomsankha, kuti phungu ayenera kuwamvetsera mosamalitsa koma sayenera kupereka nsembe luntha lake kaamba ka malingaliro awo. Mu 1780 anaona kuti sadzamsankhanso, ndipo analeka kupikisana kumeneko. Vuto la phungu wa pamndandanda nlokulirapo, pakuti amene angamlange sali kutali ku Bristol. Akhala naye pabenchi imodzimodziyo.

Chipani chili ndi mbali yake yoyenera. Munthu amene analoŵa ndi mavoti operekedwa ku malonjezo a chipani sangatembenuke mmaŵa mwake ndi kuchirikiza zosiyana, akumati chikumbumtima chamuuza. Kumeneko kungakhale kuba mavoti a ena. Pankhani za misonkho, misewu, ndi sukulu, kugonjera chosankha cha anzake ngakhale pamene iye akanakonda njira ina sikuli chinyengo. Koma pali malire. Palibe wovota amene anapatsa chipani voti yake kuti chibise kuba kapena kutetezera wolakwa. Pamenepo phungu womvera chipani sakusunganso pangano, akuliswa. Bungwe lofufuza lotsogozedwa ndi Woweruza Raymond Zondo, limene linamaliza lipoti lake mu 2022, linapeza kuti Nyumba ya Malamulo inalephera kuyang'anira boma mokwanira, ndipo linatchula kuopa chipani kwa aphungu kukhala chimodzi cha zochititsa.

Chochitika china chimavumbula ukulu wa mantha amenewo. Pa August 8, 2017, aphungu anavota pankhani yakuti analibenso chidaliro mwa Pulezidenti Zuma, ndipo voti imeneyo inali yachinsinsi. Zipani zotsutsa zinali ndi mipando 151, komabe mavoti ofuna kumchotsa anali 177, ndipo omchirikiza 198. Chotero aphungu osachepera 26 a chipani cholamulira anavota mosiyana ndi lamulo la chipani chawo. Ena anawatcha olimba mtima, ena anawatcha opereka anzawo. Koma taonani chododometsa chake: chinsinsi chimene chinamasula chikumbumtima chawo ndicho chinawabisanso kwa anthu amene amawaimira. Wovota wa ku Ga-Rankuwa sangathe kuthokoza kapena kudzudzula aliyense wa iwo, kusiyapo oŵerengeka amene anadziulula okha, monga Makhosi Khoza, yemwe anachoka m'chipanicho mwezi wotsatira.

Khomo latsegulidwa pang'ono chiyambire nthaŵiyo. Mu June 2020, Bwalo la Malamulo Aakulu la South Africa linagamula kuti nkosaloleka kukakamiza nzika kuloŵa chipani kuti ipikisane pampando wa nyumba ya malamulo. Chotero pa May 29, 2024, wovota aliyense anapatsidwa mapepala atatu m'malo mwa aŵiri, ndipo kwa nthaŵi yoyamba ena a mapepalawo anali ndi maina a anthu oima paokha. ANC inapeza pafupifupi 40 peresenti ya mavoti ndi mipando 159, ndipo inafunikira kupanga boma limodzi ndi zipani zina. Mwa anthu olembetsa kuvota, oposa anayi mwa khumi alionse sanapite. Ndipo mwa oima paokhawo, palibe ndi mmodzi yemwe amene anapeza mpando.