Mdzukulu wobadwira kunja ndi wa yani?

Amayi anzanga mwa Ambuye, m'zaka zoyambirira za m'ma 2000 anamwino ambiri a kuno kwathu adapita kukagwira ntchito ku Britain, m'mizinda ngati Manchester. Ena mwa ana athu, aakazi ndi aamuna omwe, adapeza banja kumeneko ndi anthu a ku Nigeria, ku Poland kapena eni dzikolo. Lero kuli zidzukulu zathu zokulira m'nyumba momwe amayi ali ndi chilankhulo chawo, abambo ali ndi chawo, kusukulu nkukhala Chingerezi. Kodi mwana wotereyu ndi wa yani?

Mwambo pawokha sutha kuyankha. Kwa Achewa ndi Ayao mwana ndi wa kuchikazi, ndipo mwini mbumba ndi amalume. Kwa Ayoruba a ku Nigeria mwana ndi wa kuchimuna, monga zilili kwa Angoni a ku Mzimba. Mayi akakhala Mchewa, bambo Myoruba, mbali zonse ziwiri zimati mwanayo ndi wawo. Koma bambo akakhala Mchewa, mayi Myoruba, mbali iliyonse ingathe kuloza inzake, mwana nkutsala pakati wopanda mwini.

Malamulo nawonso amafika pena nkulekeza. Kuyambira mu 1983, kubadwira ku Britain pakokha sikupatsa mwana unzika wa dzikolo, pokhapokha kholo limodzi likhale nzika kapena lokhazikika mwalamulo. Kuno kwathu, mu 2018 Nyumba ya Malamulo idavomereza kuti munthu akhale nzika ya mayiko awiri. Zimenezi nzothandiza, koma pasipoti siikhala nkhoswe pa ukwati, ndiponso siigona pa maliro.

Buku la Genesis lili ndi banja lotere. Yosefe adakwatira Asenati, mwana wa wansembe wa ku Aigupto, nabereka Manase ndi Efraimu m'dziko lachilendo, agogo awo asanafikeko. Yakobo atayandikira kufa adalengeza kuti anyamatawo ndi ake, ofanana ndi Rubeni ndi Simeoni, ndipo adawafungatira nawadalitsa. Sitiwerenga kuti adayamba wawayesa ngati akulankhula bwino chilankhulo cha makolo. Apa ndi pomwe pagona yankho langa: mwana sagula chibale ndi luso lake. Akulu ndiwo amamupatsa, pomutchula kuti ndi wawo.

Wina anena kuti chibale chopanda chilankhulo ndi mwambo nchapakamwa chabe. Mawu amenewa ali ndi choonadi, pakuti mdzukulu wosamva Chichewa sangacheze ndi agogo ake akumudzi, ndipo chimenecho ndi chitayiko chachikulu. Choncho makolo ali ndi ngongole. Monga munthu amene ndidagwira ntchito ya unamwino, ndikutsimikizireni kuti mwana amatha kuphunzira zilankhulo ziwiri kapena zitatu nthawi imodzi. Kusakaniza mawu ali wamng'ono si matenda, ndipo si chifukwa chomuleketsera chilankhulo cha amayi ake. Koma ngongoleyo ndi ya makolo, si ya mwana. Iye sadasankhe kobadwira.

Nanga ife timatani akabwera kudzacheza? Akapotoza moni timaseka. Akapempha supuni yodyera nsima timaitana anansi kuti adzaone, nkumamutcha kamzungu. Tikumbukire kuti kusukulu kwake ena amamufunsa kuti kwawo kwenikweni nkuti. Akamva kuti ndi mlendo uko, nkudzamvanso chimodzimodzi kuno, amatseka pakamwa, ndipo sayesanso kulankhula Chichewa. Tikatero timakhala tathamangitsa tokha mwana amene tikudandaula kuti watayika.

Tisamuuzenso kuti asankhe mbali. Timoteo amayi ake adali Myuda, abambo ake Mhelene, ndipo chikhulupiriro adachilandira kudzera mwa agogo ake a Loisi ndi amayi ake a Yunike. Kubadwa kwa mitundu iwiri sikudamulepheretse kutumikira mpingo pakati pa Ayuda ndi amitundu. Mdzukulu wathu si theka la Mmalawi ndi theka la Mnigeria. Ndi wathu yense, ndiponso ndi wawo yense. Tikanyoza chakudya kapena dzina la kwa abambo ake, tanyoza iye mwini. Mkamwini kapena mpongozi wa mtundu wina timulemekeze, chifukwa ndiye khomo lolowera kwa mwanayo.

Chibale ndi fupa, sichiwola, koma chimafuna wochisamala. Agogo, mupatseni mdzukulu dzina la kwathu ndipo mumuuze tanthauzo lake. Mukamalankhula naye pa WhatsApp, muuzeni mfunda wake, mudzi wake ndi mayina a amene adatsogola. Akalakwitsa mawu, muyankheni mokondwa musanamukonze. Mumutchule dzina m'mapemphero a Lachinayi. Pa ubatizo mpingo umalandira khanda lisanadziwe mawu ngakhale amodzi. Ambuye atithandize kuti m'mabanja mwathu tizichita chimodzimodzi.