Mkulu Asiye Mawu Akadali ndi Mphamvu

Mwa maudindo onse amene munthu amasenza pamene imvi zamera m'mutu ndipo mawondo ayamba kulemera, palibe umene anthu amazengereza nawo koposa udindo wonena, akadali ndi mpweya ndi nzeru zake zonse, m'mene chuma chake chidzagawidwire iye atatsikira kulichete. Ena amaopa kuti kutchula zotere ndiko kudziitanira imfa. Ena amati ana adzayamba kuwerenga masiku a kholo lawo. Enanso amadzitonthoza kuti abale awo ndi anthu okondana, adzamvana okha. Komatu makolo athu, amene anati chakudza sichiimba ng'oma, sanaiyese nkhani imeneyi malodza, ndipo ife amene timati tikusunga mwambo wawo sitiyenera kugwidwa ndi mantha amene iwo analibe.

Kale nkhalamba ikaona kuti thupi likukana, inkaitanitsa mwini mbumba, ankhoswe a mbali zonse ziwiri ndi nyakwawa ya m'mudzi, niiwafotokozera poyera za mbuzi zimene inaikiza kwa mnansi, za ngongole zimene inakongola ndi zimene inakongoza, za malire a munda ndi dimba, ndi za mwana amene adzasunge anzake. Ndipo mawu amenewo, popeza anagwera m'makutu a anthu okhala pamodzi masiku onse, oopa mzimu wa womwalira ndi manyazi a pabwalo, ankasungidwa kufikira tsiku lakumeta ndi lakusudzula. M'midzi ya chikamwini katundu wa mwamuna ankabwerera kwawo, kwa alongo ake ndi ana a alongo akewo, ndipo panalibe wolira, pakuti katunduyo anali khasu, nkhwangwa, uta ndi zovala, pamene mkazi wamasiye ankatsala pa nthaka ya amayi ake, nkhokwe ili pakhomo, ana ali ndi atsibweni awo owayang'anira.

Tsono taonani m'mene zinthu zatembenukira. Banja la lero likhoza kukhala ku Ndirande kapena ku Kawale, kutali ndi mudzi wa mwamuna ndi wa mkazi womwe, m'nyumba imene njerwa zake zinagulidwa ndi malipiro a bambo pamodzi ndi phindu la geni ya mayi. Ana ake sadziwa munda wa atsibweni, ndipo chuma chawo chonse ndi nyumbayo, ndalama za ku banki ndi penshoni. Achibale akafika pa maliro a pakhomo lotere ndi kuyamba kutulutsa mipando, mafiriji ndi makiyi a galimoto, namati akutsata mwambo, amakhala atatola theka la mwambo limene likuwakomera ndi kutaya theka lina limene linkasunga amasiye. Kumeneko ndi kulanda, ndipo Malembo Oyera, kuyambira m'chilamulo cha Mose kufikira m'kalata ya Yakobo, amaika wamasiye ndi mwana wamasiye pansi pa diso la Mulungu mwini.

Boma nalo linaona misozi imeneyi. Lamulo la chuma chamasiye la 1967 linkati mwamuna akafa osasiya wilo, mkazi, ana ndi ena omudalira alandire theka la chuma kumadera a malowolo, ndi magawo awiri okha mwa magawo asanu kumadera a chikamwini, chotsalacho chipite kwa olowa m'malo monga mwa mwambo. Koma Malamulo aakulu a dziko a 1994 ataletsa kulanda akazi chuma, ngakhale chimene achipeza mwa kusiyiridwa, ndi kunena kuti ana onse ndi ofanana pamaso pa lamulo mosayang'ana m'mene anabadwira, Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo latsopano mu 2011, limene limatsogoza mkazi kapena mwamuna wotsala pamodzi ndi ana, limaganiziranso amene ankadalira womwalirayo, limasiyira wamasiye katundu wa m'nyumba, ndipo limayesa kulanda chuma chamasiye mlandu wopita nawo kundende. Lamulo limeneli ndi labwino, koma silidziwa za m'nyumba mwanu: silidziwa mdzukulu amene mwamulera kuyambira ali wakhanda, ngakhale mlongo wanu wamasiye amene munamulonjeza chigayo. Wodziwa zimenezo ndinu, ndipo njira yoziikira pa malo osagwedezeka ndiyo wilo.

Kulemba wilo si ntchito ya anthu olemera okha, ndipo sikulira Chingerezi. Munthu aliyense wa zaka 18 kapena kuposerapo, amene mutu wake ukuyenda bwino, akhoza kulemba kapena kulembetsa m'chinenero chake, kutchula dzina lake ndi kwawo, katundu wake mmodzimmodzi ndi dzina la womulandira, ndi munthu wokhulupirika amene adzayendetse zonse. Atatero asaine, kapena adinde chala ngati sadziwa kulemba, pamaso pa mboni ziwiri zimene zilipo nthawi imodzi, nazonso zisaine iye akuona. Mboni zisakhale mwa anthu olandira kanthu, kuopa kuti mphatso yawo ingadzakanidwe pa bwalo la milandu; tsiku lilembedwe, pakuti wilo yatsopano imafafaniza yakale; ndipo pepalalo lisabisidwe pansi pa mphasa kapena m'sutikesi m'mene woyamba kulipeza angaling'ambe, koma lisungitsidwe ku khoti, kwa bwanamkubwa wa boma, ku banki kapena kwa loya, munthu mmodzi kapena awiri akudziwa kumene lili. Amene chuma chake ndi chambiri, kapena banja lake ndi la nthambi zambiri, asaumire ndalama ya loya. Ndipo amene wakwatiranso, wasudzulana, wabereka mwana wina kapena wagulitsa nyumba, alembe wilo ina. Adziwenso wolembayo kuti wilo si chikwapu cholangira mkazi kapena mwana amene anamukwiyitsa, pakuti bwalo lili ndi mphamvu yopatsa gawo wa m'banja amene wasiyidwa manja ali m'khosi.

Pali zina zimene ziyenera kuyenda limodzi ndi pepalalo. Wogwira ntchito ayang'ane maina amene analembetsa ku penshoni ndi ku inshuwalansi, chifukwa ambiri analemba makolo awo ali anyamata, ndipo anakwatira, nabereka, osabwererako kukasintha. Makalata a nyumba ndi a malo, mabuku a ku banki, chiphaso cha unzika ndi mtchatho wa ukwati zikhale pamodzi, mkazi akudziwa pamene zili, pakuti ndalama imene mwini wake anaibisira banja lake imathera kubisikira ana ake omwe. Munda wa makolo, umene suli wa munthu mmodzi, mkulu auyende ndi mapazi ake pamodzi ndi amfumu, mwini mbumba ndi oyandikana nawo, akuloza chulu ndi mtengo wa m'malire, ana akuona. Ndipo bambo amene ali ndi mitala, kapena mwana amene anabereka kunja, aulule yekha ndi pakamwa pake, angakhale mawuwo alemere chotani, kusiyana ndi kuti mwanayo adzaonekere koyamba pa siwa, anthu ali m'kati mwa kulira. Abrahamu anagawira ana a akazi ake ena mphatso zawo iye akali moyo, ndipo Yakobo anasonkhanitsa ana ake onse nalankhula ndi aliyense asanafe; sitimva kuti kuteroko kunafupikitsa masiku awo.

Kwa inu ana ndi adzukulu malangizo ndi awa: kholo likayamba nkhani imeneyi musalitseke pakamwa ndi mawu akuti agogo musatilaule, koma khalani pansi mumve, pakuti mawu a akulu akoma akagonera. Musalikakamize kulemba zofuna zanu, kapena kulisainitsa mapepala pamene matenda alisokoneza mutu, chifukwa wilo yolembedwa mokakamiza kapena mwachinyengo ilibe mphamvu, ndipo tchimo lake ndi lalikulu. Inunso agogo, musagawe zonse mukali moyo kufikira kutsala opanda denga ndi munda, mukudalira chifundo cha amene mwawapatsa. Sungani pogona panu ndi chakudya chanu m'dzina lanu kufikira tsiku lomaliza. Ndipo inu alamu ndi apongozi, maliro akagwa, ntchito yanu ndi kutonthoza ndi kusunga, osakhudza kanthu kufikira bwalo litapereka chilolezo kwa woyendetsa chumacho. Wamasiye amene akuopsezedwa asakhale chete poopa kutchedwa wamwano, koma apite kwa amfumu, kupolisi, kwa bwanamkubwa wa boma, ku ofesi ya Administrator General kapena ku Legal Aid Bureau, kumene osauka amathandizidwa pa milandu.

Chifukwa chake, inu akuluakulu, amayi ndi abambo, amene mwalima, mwamanga ndi kulera ndi thukuta lanu, musalole kuti ana amene munawadyetsa m'mbale imodzi adzadane chifukwa cha mawu amene munali nawo koma simunawanene. Itanani a m'nyumba mwanu mwezi uno, mukali kuyenda ndi miyendo yanu. Auzeni chifuniro chanu pamaso pa ankhoswe monga ankachitira makolo, ndipo mukatero mukachilembe ndi kuchisainira pamaso pa mboni monga lifunira lamulo la dziko.