Kodi M'mbale ya Nyimbo Muli Munthu?

Mu 1920, ku Carnegie Hall mumzinda wa New York, woimba wotchuka Anna Case anaima pambali pa chibokosi chathabwa chopangidwa ndi kampani ya Thomas Edison. Chibokosicho chinkaimba mbale imene munali mawu a mayi yemweyo, ndipo iye ankaimba nacho limodzi, kenaka n'kukhala chete, kenaka n'kulowanso. Nyimbo ili mkati, magetsi anazimitsidwa. Pamene ankayatsidwanso, pansanja panalibe munthu. Case anali atachoka mumdima momwemo, koma nyimbo inali ikupitirira. Pakati pa 1915 ndi 1925 kampaniyo inachititsa zionetsero zotere zoposa 4,000, zonse pofuna kutsimikizira anthu kuti khutu silingasiyanitse munthu ndi makina.

Womvera mbale za nthawi imeneyo lero amadabwa kuti anthu ankapusitsika bwanji, poti mawu ake ndi opyapyala ndipo singano imachita kumveka kukanda. Atakalamba, Case anaulula kuti ankayeserera kuimba motengera makinawo. Komabe lonjezo la Edison silinafe naye. Cha m'ma 1960 kampani ya Acoustic Research inkakhazika oimba a Fine Arts Quartet pamaso pa anthu pamodzi ndi masipika ake a AR-3, oimbawo n'kumangoyendetsa manja pamene nyimbo ikutuluka m'masipika. Ndipo mpaka lero, munthu wokonda zoimbira zakale akafuna kutama sipika yake, amati ukatsinzina umangoona ngati woimbayo waima m'chipinda momwemo.

Anthu otere ndi ambiri ku Britain, ku America, ku Germany ndi ku Japan. Amasaka masipika a Tannoy amene mtundu wake unayamba mu 1947, a Quad opyapyala a mu 1957, a JBL L100 a m'ma 1970, kapena Klipschorn, chisipika cha pakona chimene Paul Klipsch anayamba kupanga mu 1946 ku Hope, m'chigawo cha Arkansas, ndipo chikupangidwabe. Akachipeza, ntchito imakhala itangoyamba. Siponji ya m'mphepete mwa sipika imafumbwa ndi zaka, tizipangizo ta mkati timauma, mawaya amachita dzimbiri, ndiye munthu amatha masabata akumata, akuwotcherera, akusuntha mabokosi pang'onopang'ono mpaka mawu a woimba atakhazikika pakati penipeni. Mbale nazo zinabwerera. Mu 2022, ku America kunagulidwa mbale zochuluka kuposa ma CD, chinthu chimene chinali chisanachitike chichokereni 1987.

Nanga munthu amene akuvutika chonchi akufunafuna chiyani, poti nyimbo yomweyo ili pafoni m'thumba mwake?

Mbali ina ya yankho ili m'mene mbale imapangidwira. Pamene Enrico Caruso ankaimba ku Milan mu 1902, Fred Gaisberg akumujambula, panalibe maikolofoni. Caruso ankaimbira m'lipenga, mpweya wa m'chifuwa chake unkagwedeza kachikopa, kachikopako kankagwedeza singano, singano n'kumakumba kanjira kokhotakhota paphula. Choncho munthu akaika singano m'kanjira komweko lero, chimene chikugwedeza chipinda chake ndi mayendedwe amene anayambira pakhosi pa munthu amene anamwalira mu 1921. Edison anaziona msanga zimenezi. Mu 1878, patangotha chaka chipangireni makina ake, anatchula kusunga mawu omaliza a abale amene akumwalira monga imodzi mwa ntchito zake. Ngakhale galu wotchuka wa pa mbale za His Master's Voice, Nipper, anali wa munthu womwalira: mbuye wake woyamba, Mark Barraud, anatisiya mu 1887, ndipo amene anajambula chithunzi cha galuyo ndi m'bale wake Francis. Kuyambira pachiyambi, malonda a mbale ankayendera limodzi ndi chisoni cha otsala. N'chifukwa chake wosonkhanitsa mbale amaigwira m'mbali ndi nsonga za zala, mwaulemu umene sapereka kwa nyimbo ya pakompyuta.

Koma nkhaniyi ili ndi mphako. Maikolofoni italowa mu 1925, kenaka tepi nkhondo yachiwiri itatha, nyimbo inayamba kusokedwa. Glenn Gould, katswiri wa piyano wa ku Canada, analeka kuimba pamaso pa anthu mu 1964 n'kumangogwira ntchito mu situdiyo, kumene ankalumikiza zidutswa za maulendo osiyanasiyana kukhala nyimbo imodzi, ndipo sankabisa. Chimbale cha Sgt. Pepper chimene a Beatles anatulutsa mu 1967 sichinaimbidwepo chonse tsiku limodzi m'chipinda chimodzi. Komanso podula mbale, mawu amabesi amachepetsedwa dala ndipo okwera amawonjezedwa, motsatira muyezo wa RIAA wa mu 1954, kuti ampulifaya idzawabwezeretse poimba. Ndiye woimba amene akuti waima m'chipindayo, nthawi zambiri sanaimepo motero kwina kulikonse.

Mu 2022 kunaphulika nkhani imene inapweteka okonda mbale ambiri. Kampani ya Mobile Fidelity, yomwe mbale zake zinkatamandidwa kuti zimachokera pa tepi yoyambirira osadutsa pakompyuta, inavomera kuti kwa zaka zambiri inkayamba yakopera matepiwo mwa njira ya dijito. Anthu amakutu akuthwa anali atatama mbale zimenezi zaka zonsezo osamva kanthu. Anakwiya, ndipo mkwiyo wawo unali ndi maziko, chifukwa chimene anagula sichinali kukoma kwa mawu kokha. Ankakhulupirira kuti pali ulusi wosaduka wochokera pakhosi pa woimba kufika pakhutu pawo.

Azipembedzo anakumana ndi funso limeneli kale kwambiri, ndipo analiyankha molunjika kuposa opanga masipika. M'buku la malamulo a Chiyuda lotchedwa Mishnah, lolembedwa cha m'ma 200, muli mlandu wa munthu woliza lipenga la nyanga ya nkhosa ali m'dzenje pa chikondwerero cha chaka chatsopano. Chigamulo chake n'chakuti amene wamva lipenga lenilenilo wakwaniritsa lamulo, koma amene wamva mawu ongobwerera kuchokera m'makoma a dzenjelo sanakwaniritse. Galamafoni inali kudakali zaka zoposa 1,600 kuti ibwere, koma mfundo inali itagwidwa kale. Pakati pa Asilamu, akuluakulu ambiri amalola kuti woitanira kuswala agwiritse ntchito chimkuzamawu, koma amakana kuti kaseti kapena mbale ilowe m'malo mwake, chifukwa kuitanako ndi pemphero lofuna munthu wamoyo amene watsimikiza mumtima pa nthawi yomweyo. Mpingo wa Katolika nawo, m'malangizo a mu 1958 okhudza nyimbo zopatulika, unaletsa galamafoni, wailesi ndi tepi kulowa m'malo mwa oimba pa mwambo wa mapemphero. Izi zinali choncho ngakhale kuti mu 1903 Papa Leo XIII, ali ndi zaka 90 ndi mphambu, analola Gianni Bettini kujambula mawu ake akupemphera ndi kudalitsa, miyezi yochepa asanamwalire. Mawuwo alipobe, ofooka, onjenjemera, ndipo amagwira mtima. Koma palibe wansembe amene angawaike paguwa kuti adalitse mpingo.

Zipembedzo zitatuzi sizikunena kuti makina amamveka moipa. Sipika itakhala yabwino kuposa khutu, chigamulo chikanakhala chomwecho. Chimene zikuona n'chakuti mawu a munthu wamoyo amalunjika kwa wina. Wodalitsa amadziwa kuti pamaso pake pali anthu, akhoza kuwayang'ana, akhoza kusweka mawu chifukwa cha misozi yawo, akhozanso kukana kudalitsa. Mbale siingakane. Imaimbira wachisoni ndi woledzera mofanana, imaimbira ngakhale chipinda chopanda munthu. Pamenepa azipembedzo ananena zoona, ndipo wokonda masipika amene akuganiza kuti waya wodula kapena singano yatsopano idzamubweretsera woimbayo akudzipweteka pachabe. M'mbale mulibe munthu. Muli mapazi ake.

Komatu mapazi si chinthu chachabe, ndipo nkhani ya ku Kenya imasonyeza zimenezi bwino. Mu 1950 Hugh Tracey, yemwe chaka chomwecho anajambulanso nyimbo ku Nyasaland, anafika kwa anthu a mtundu wa Kipsigis n'kujambula nyimbo zawo zotchedwa Chemirocha. Dzinali linachokera kwa Jimmie Rodgers, woimba wa ku Mississippi amene anamwalira mu 1933 asanapondepo mu Africa. Mbale zake zinafika kumeneko pa galamafoni, anthu anamva mawu achilendowo, ndipo m'malo mongosirira anapeka nyimbo zawo, m'chinenero chawo, pa choimbira chawo cha zingwe. Rodgers sanali m'mbalemo, koma china chake chamoyo chinabadwa pamene mbaleyo inapeza makutu. N'chimodzimodzinso ndi magalamafoni ndi magumbagumba amene anthu obwera ku Joni ndi ku Halale ankafika nawo m'midzi ya kwathu: anyamata ankamvera, n'kusema magitala ndi mabanjo awo. Zimene Tracey anajambula, kuphatikizapo nyimbo za Achewa, zimasungidwa ku International Library of African Music, imene anaikhazikitsa mu 1954 ndipo pano ili pa Rhodes University ku Makhanda. Nyimbo ya pamtondo ikamalira pa sipika ya Tannoy ku London, mtondo kulibe, amayi aja kulibe. Koma mdzukulu wawo ataimva, akhoza kuiimba mawa lake.

Ngati m'chipinda choimbira mbale muli wamoyo mmodzi yekha, ndiye kuti udindo wonse wagwera iyeyo, womvera. Apa ndi pamene khalidwe lokonda mbale limaonetsa phindu lake lenileni. Mbale ya mtundu wa LP, imene Columbia inatulutsa mu 1948, imazungulira ka 33 ndi kagawo pa mphindi, ndipo mbali imodzi imatenga mphindi pafupifupi 20. Munthu amaitulutsa m'chikuto, amaipukuta fumbi, amatsitsa singano mofatsa, n'kukhala pansi. Kulumpha nyimbo n'kovuta, ndipo mbali ikatha ayenera kunyamuka kukaitembenuza. Mavuto amenewa ndi amene amamuumiriza kupereka nthawi yake yonse kwa chinthu chimodzi, zimene foni sifuna kwa munthu. Akuluakulu amati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo nyimbo zina sizitsegukira munthu wothamanga.

Pali chinanso chimene wolemba uno amachiona kuti n'chofunika. Singano ya dayamondi imapondereza mbale ndi kulemera kwa magalamu pafupifupi awiri, koma nsonga yake ndi yaing'ono kwambiri moti ulendo uliwonse imadya kanjira kaja pang'ono. Kumvera mbale n'kuithera. N'chifukwa chake osonkhanitsa ena amagula mbale yomatidwa m'pulasitiki n'kuisunga yosatsegula kwa zaka, kuti mtengo wake usatsike. Ameneyo wasunga katundu, koma woimba uja wamutseka pakamwa. Mbale yokandika imene banja linavinira pa Khirisimasi zaka 30 inachita chimene inabadwira.

Dyera nalo limabisala bwino m'khalidweli chifukwa limavala nkhope ya chikondi. Zero Freitas, mwini kampani ya mabasi ku São Paulo, anadziwika mu 2014 kuti wagula mbale mamiliyoni, kuphatikizapo za wosonkhanitsa mnzake Paul Mawhinney wa ku Pittsburgh, zomwe zinali pafupifupi 3 miliyoni. Masamu ake ndi owawa: mbale 1 miliyoni za mphindi 40 iliyonse zingatenge zaka 76 kuti munthu azimvere, usana ndi usiku osagona. Freitas sangazimve. Chomupulumutsa n'chakuti analemba achinyamata ntchito yozitsuka ndi kuzilemba m'kaundula, ndi cholinga choti ena adzathe kuzimvera, ndipo zambiri mwa izo zikanathera kudzala. Kusonkhanitsa kotere kumakhala ndi tanthauzo pokhapokha chitseko chikatseguka.

Anthu a ku Japan ndi amene anapeza njira yotsegulira chitsekocho. Kumeneko kuli nyumba zomwera khofi zimene cholinga chake ndi kumvera mbale. Ku Lion, ku Shibuya mumzinda wa Tokyo, yomwe inayamba mu 1926, mipando yonse inayang'ana kutsogolo kumene kuli masipika akuluakulu, ndipo anthu sacheza mokweza. Ku Eagle, ku Yotsuya, kulankhula n'koletsedwa mpaka 6 koloko madzulo. Ku Ichinoseki, Shoji Sugawara anatsegula malo otchedwa Basie mu 1970 n'kutha zaka zambirimbiri akukonza masipika ake a JBL, mpaka woimba jazi Count Basie mwiniwake anakafikako. Nyumbazi zinachuluka nkhondo itatha, pamene mbale yochokera kunja inali yodula kwambiri kwa mwana wasukulu. Mwini malo ankagula, ophunzira n'kumalipira kapu ya khofi yokha, n'kukhala maola akumvera.

Munthu sangalakwe kuona zachipembedzo m'kukhala chete kumeneku, koma eni ake sanamizira kuti akudzutsa akufa. Amadziwa kuti woimba jazi John Coltrane anamwalira mu 1967. Chimene amachita n'kusonkhana, anthu osadziwana, kuti apereke makutu awo pamodzi kwa zimene anasiya, ndipo wosankha mbale yotsatira ndi munthu wamoyo amene wayang'ana nkhope za omwe ali m'nyumbamo.

Malo ena akale kwambiri ndi Chigusa, ku Yokohama, amene Mamoru Yoshida anatsegula mu 1933. Mbale zake zinapsa pa mabomba a mu 1945, iye n'kuyambanso kusonkhanitsa, ndipo oimba achinyamata monga Toshiko Akiyoshi ndi Sadao Watanabe ankabwera kudzaphunzira jazi pomvera pamenepo. Yoshida anamwalira mu 1994, ndipo malowo anatsekedwa mu 2007. Makasitomala akale anasunga mbale, masipika ndi mipando, ndipo mu 2012 anatsegulanso Chigusa m'dera lomwelo la Noge, n'kumayendetsa okha.