Bwato loyamba ndi muyeso wa munthu

M'madoko a kummwera kwa nyanja ya Malawi, kuyambira ku Makanjira ndi Malindi kutsidya la kummawa mpaka ku Makawa, Msaka ndi Chembe kutsidya la kumadzulo, muli asodzi ambiri amene anapyola msinkhu wa ophunzira koma sanafike pa ukatswiri. Awa ndi anyamata ndi abambo amene akhala zaka zingapo ngati alovi, kutanthauza antchito opalasa ndi kukoka ukonde wa munthu wina, ndipo pofika pano amatha kusoka ukonde wong'ambika, amatha kuona mitambo n'kuzindikira kuti mwera uli pafupi, koma sanaponyepo m'madzi chida chogula ndi ndalama zawo. Tsiku limene munthu wotere aganiza zogula bwato ndi ukonde wakewake, amakumana ndi funso looneka ngati la malonda chabe, pamene kwenikweni ndi funso lakale la nzeru ndi chipembedzo: kodi munthu agule chida cholingana ndi mmene alili lero, kapena cholingana ndi mmene akufunira kudzakhala mawa?

Zida za usodzi wa m'derali zili ndi makwerero ake. Pansi penipeni pali mbedza ndi mono, umene ndi msampha wolukidwa ndi nsungwi kapena bango. Pamwamba pake pali machera, maukonde otchera madzulo n'kukavuula m'mawa, amene munthu mmodzi kapena awiri a m'bwato limodzi angathe kuwagwiritsa ntchito. Pamwamba pa zonse, kupatula zombo za makampani ngati Maldeco, pali chilimira, ukonde waukulu wozinga usipa ndi utaka pakati pa nyanja, umene umafuna boti la matabwa, mabwato awiri, injini, mafuta a usiku uliwonse, nyali zokopera nsomba ndi alovi pafupifupi khumi. Mmodzi wa iwo ndi siginala, munthu wokhala m'bwato la nyali, amene amayang'ana kayendedwe ka nsomba pansi pa kuwalako ndi kulamula nthawi yoponya ukonde. Mnyamata amene wakoka chilimira zaka zambiri amaona mwini zida, ali khale kumtunda, akutenga gawo lalikulu, m'madoko ambiri theka la ndalama zotsala akachotsa za mafuta, ndipo n'zosadabwitsa kuti mtima wake sukhala pa machera ochepa koma pa chilimira.

Wophunzira weniweni sasochera kawirikawiri pogula, chifukwa amadziwa kuti sadziwa, ndipo katswiri naye sasochera chifukwa zaka zinamuphunzitsa kale mtengo wa kulakwitsa kulikonse. Wapakatiyu ndiye ali pangozi, popeza zimene akudziwa n'zokwanira kumudzutsira chikhumbo koma n'zoperewera kumutsogolera posankha. Iye wagwira chingwe cha chilimira usiku wosawerengeka, koma sanasankhepo yekha malo oponyera, sanaimepo pamaso pa alovi amene abwerako chimanjamanja kachitatu motsatizana, ndiponso sanagonepo akuwerengera mafuta amene atha popanda ndowa imodzi ya usipa. Luso la manja ali nalo ndithu. Chimene sanachiyesepo ndicho kusenza zotsatira za chimene walamula yekha.

Aristotle, wafilosofi wa ku Greece amene anamwalira m'chaka cha 322 Yesu asanabadwe, anaphunzitsa kuti khalidwe labwino limakhala pakati pa kuperewera ndi kupyola muyeso, koma anachenjeza kuti pakatipo sipapezeka ndi masamu chifukwa pamasintha malinga ndi munthu, kotero kuti chakudya chimene chingamuchepere Milo, katswiri wa masewero ogwetsana, chingamuchulukire munthu amene wangoyamba kumene masewerowo. Buku la 1 Samueli, mutu 17, limaonetsa zomwezi m'nkhani ya Davide, amene mfumu Sauli anamuveka zovala zake zankhondo asanakakumane ndi Goliati; mnyamatayo anayesa kuyenda nazo, anaona kuti sanazizolowere, ndipo anazivula n'kutenga ndodo yake, miyala isanu yosalala ya mumtsinje ndi choponyera miyala. Zovala za Sauli zinalibe chilema, ndipo mwina zinali zoposa za msilikali wina aliyense m'gulu limenelo. Ubwino wa chida sukhala m'chidamo mokha. Umaoneka pamene chida ndi dzanja lochigwira zagwirizana.

Komabe pali mtsutso umene suyenera kukankhidwira kumbali. Munthu akamagula zokhazokha zimene wazidziwa kale, adzakula liti? Siginala aliyense wodziwika analamulapo kuponya ukonde kwa nthawi yoyamba asanakhale wodziwika. Fanizo la matalente m'Mateyu 25 silidzudzula antchito amene anachita malonda ndi chuma cha mbuye wawo, koma limadzudzula amene anachikwirira pansi chifukwa cha mantha, ndipo Chisilamu, chimene ndi chipembedzo cha anthu ambiri m'boma la Mangochi, sichiona kudalira Mulungu ngati kupinda manja, pakuti riziki, limene ndi gawo la zosowa za moyo limene Mulungu amapatsa cholengedwa chilichonse, liyenera kufunidwa ndi thukuta. Makolo nawo anati mbewa ya manyazi inafera kuuna. Choncho sikolakwa kugula chida chimene chili patsogolo pang'ono pa luso la munthu, kuti chimukoke. Malire ake amapezeka pofunsa kuti wogulayo akalakwitsa, adzalipira ndani. Pamene wolipira ndi iye yekha, kulimba mtima n'koyamikika. Pamene olipira ndi ena amene sanafunsidwe, chimene chikutchedwa kulimba mtima chimakhala kutchova juga ndi za eni ake. Pa nyanja olipira otere ndi ambiri, ndipo oyamba mwa iwo ndi anthu okwera m'bwato.

Ogula koyamba ambiri amaika maso pa injini, chifukwa injini ya Yamaha ikalira padoko mudzi wonse umadziwa kuti uje wagula, pamene bwato amalitenga ngati chinthu chongomalizira ndi ndalama zotsala. Kaganizidwe kameneka n'kokhota, pakuti injini ikazima anthu amagwira nkhafi n'kupalasa, koma bwato likang'ambika pakati pa mafunde a mwera, mphepo yamphamvu yochokera kummwera chakummawa imene imaomba kwambiri kuyambira mu Meyi mpaka mu Ogasiti, palibe chogwira. Mitengo ikuluikulu ya mbawa ndi mlombwa, imene inkapereka mabwato okhalitsa, inasowa m'madera ambiri a m'mbali mwa nyanja, ndipo osema ambiri tsopano amagwiritsa ntchito mitengo yofewerapo monga ya mango ndi nsangu, imene imaola msanga. N'chifukwa chake wodziwa salikhulupirira bwato poliona lili chafufumimba pamchenga. Amaligogoda ndi chala m'munsi monse kuti amve pamene pakulira mopepera, amakanda phula ndi chikhadabo kuti aone ngati likutseka mng'alu wakale kapena likubisa chovunda, amayang'ana malata okhomedwa pa zigamba, kenaka amalikankhira m'madzi, n'kukhalamo mpaka aone ngati mapazi ake anyowa. Amaona ngati m'lifupi mwake mukugwirizana ndi thupi lake, chifukwa wopalasa bwato losema amakhala m'mphepete mwake miyendo ili m'kati, ndipo bwato losamuyenera limamutopetsa asanafike pamene anatchera.

Apa udindo uli kwa wogulitsa monga uli kwa wogula. M'mahadisi, amene ndi nkhani zosimba zonena ndi zochita za Mneneri Muhammad, muli nkhani yakuti iye analowetsa dzanja m'mulu wa chakudya chogulitsa, napeza kuti pansi pake n'ponyowa pamene pamwamba n'pouma, ndipo anamudzudzula wogulitsayo chifukwa chobisa chonyowacho. Malamulo a malonda m'Chisilamu amakakamiza wogulitsa kuulula chilema cha katundu wake. Munthu wopaka phula latsopano pa thabwa loola kuti ligulidwe ndi mnyamata wosadziwa, sabera ndalama zokha, chifukwa chilema chimene wabisacho chidzaonekera pamalo pamene sipafika wothandiza.

Olipira ena ndi a pabanja, kudzera m'ngongole. Amuna ambiri a ku Mangochi amapita ku Joni kukagwira ntchito zaka zingapo kuti adzagule zida popanda kukongola, ndipo ena amadalira banki m'khonde kapena amayi ogula nsomba, amene amapereka ndalama patsogolo kuti azidzayamba ndiwo kugula zimene zaphedwa. Njira yoopsa ndi katapira, ngongole imene chiwongoladzanja chake chimakula mwezi ndi mwezi osayang'ana kuti nyanja yapereka kapena yamana. Qur'an imaletsa riba, kutanthauza phindu lililonse loikidwa pamwamba pa ngongole, ndipo akatswiri a malamulo a Chisilamu anavomereza m'malo mwake mgwirizano wotchedwa mudaraba, m'mene mwini ndalama ndi mwini luso amagawana phindu, koma malonda akagwa mwini ndalama amataya ndalama zake ndipo mwini luso amataya thukuta lake. Nzeru ya lamuloli imaoneka bwino pa usodzi kuposa pa ntchito zambiri, chifukwa mwezi ukawala kwambiri nyali sizikopa usipa, mwera ukakula mabwato amakhala pamtunda masiku angapo, ndipo katapira yekha ndiye sapuma. Munthu amene wagula chilimira ndi ngongole yotere sakhalanso ndi ufulu wonena kuti lero nyanja yaipa tisapite, ndipo alovi ake amalowa m'mafunde chifukwa cha tsiku lobweza limene sanalonjeze ndiwo.

Wolipira amene salankhula konse ndi nyanja. Ukonde wa maso ang'onoang'ono ndi wokopa kwa wogula koyamba chifukwa subwerako wopanda kanthu, koma zimene umabweretsa ndi kasawala, ana a chambo amene sanaswepo. Lamulo limaletsa kupha chambo chosafika masentimita 15, limaletsa maukonde a ulusi umodzi wa pulasitiki wosaoneka m'madzi pamodzi ndi masikito, ndipo limatseka usodzi wa makoka a m'mbali mwa nyanja m'miyezi ya Novembala ndi Disembala, pamene chambo chimaswana m'madzi osaya. Chimene chimachitika malire amenewa akanyozedwa chinaoneka pa nyanja ya Malombe, kumene chambo chophedwa pachaka chinatsika kuchoka pa matani oposa 8,000 mu 1982 kufika posakwana matani 1,000 patatha zaka khumi zokha, m'nthawi imene makoka a kambuzi ndi nkacha, ukonde wa maso ang'onoang'ono umene munthu amachita kumira kuti akaumange pansi, anachuluka kwambiri. Palibe msodzi mmodzi amene anaononga Malombe. Aliyense anangogula ukonde umene unali wanzeru kwa iye yekha. Chisilamu chili ndi mawu akuti amana, chinthu chosungitsidwa chimene mwini wake adzachifunsa, ndipo Chikhristu chimaphunzitsa za ukapitawo, kuti munthu ndi woyang'anira chuma chimene si chake. Ziphunzitso ziwirizi zimagwirizana pa mfundo yakuti ndalama za munthu zimagula ukonde koma sizigula nsomba za chaka chamawa.

Kunena zimenezi sikuweruza mnyamata amene ali ndi ana anjala kunyumba, amene amaona machera ake ololedwa akuvuuka ndi nsomba ziwiri pamene mnzake wa ukonde woletsedwa akudzaza beseni. Sura ya 18 ya Qur'an imasimba za bwato la anthu osauka ogwira ntchito panyanja, limene mtumiki wa Mulungu woyenda ndi Musa analiboola dala kuti lisalandidwe ndi mfumu yolanda mabwato abwino, ndipo nkhaniyi imaonetsa kuti chida cha wosauka chili ndi malo m'chisamaliro cha Mulungu. Ngati zili choncho, mtolo wa kusankha bwino sungasenzedwe ndi wogula yekha. Maukonde oletsedwa salukidwa padoko. Amadutsa m'zipata za dziko ndipo amagulitsidwa m'masitolo masana dzuwa likuswa mtengo, kotero kuti kutentha ukonde wa msodzi n'kusiya woitanitsa ndi chilungamo cha mbali imodzi. Makomiti a m'madoko, amene anayambira ku Malombe mu 1993 ndipo anapatsidwa malo m'lamulo la usodzi la 1997, amadziwika kwambiri ndi kulanda zida, koma mwa mamembala ake muli eni zida akale ndi asiginala opuma amene amadziwa kulira kwa thabwa loola ndi kukula kwa diso loyenera, ndipo uphungu wawo ungafike kwa mlovi asanapereke ndalama, monga mmene Koleji ya Usodzi ya ku Mpwepwe, imene ili m'boma la Mangochi, ingafikire anthu oterewa m'madoko mwawo.