Kodi Wodzipereka Akapindula, Ntchito Yake Imakhalabe Yachifundo?

Munthu amene wapita kudziko lina kukagwira ntchito mongodzipereka, ndiye kuti popanda malipiro kupatula kandalama ka chakudya ndi sopo, kawirikawiri amabwerako atapindula, pakuti amaphunzira chilankhulo, amazolowera kugwira ntchito pamene zipangizo zili zoperewera, ndipo akamafunsira ntchito kwawo, zaka zimenezo zimamuika patsogolo pa anzake. Mabungwe otumiza anthu otere sabisa zimenezi. Bungwe la Peace Corps, lomwe John F. Kennedy anakhazikitsa mu 1961 ndipo linafika ku Malawi mu 1963, lili ndi zolinga zitatu, koma chimodzi chokha ndicho chimanena za kupereka anthu aluso, pamene ziwiri zotsalazo zimanena za kudziwana kwa anthu a ku America ndi mitundu ina.

Funso nlakuti, kodi phindu lotereli limadetsa ntchitoyo? Immanuel Kant, m'buku lake la mu 1785, anaphunzitsa kuti chochita cha munthu chimayenera kutamandidwa pokhapokha ngati chachokera pa udindo, kutanthauza kuchita chinthu chifukwa nchoyenera, osati chifukwa chimakoma kapena chimabweretsa mphotho. Aristotle, kalekale, anaona kuti munthu amasanduka wabwino pochita zabwino mobwerezabwereza, kotero kuti kusintha kwa wothandizayo ndi chipatso choyembekezeka cha ntchito yake. Makolo a Achewa ali pafupi ndi Aristotle, chifukwa ponena kuti kupatsa nkuika sanaone chamanyazi pa wopereka amene mawa adzalandirenso. Umunthu, womwe ndi chikhulupiriro chakuti munthu amakwanira kudzera mwa anzake, sulola kuti wina azingopereka nthawi zonse wina akungolandira.

Vuto lenileni lili pena, ndipo Ivan Illich, wansembe wa Katolika, analiloza mu 1968, pamene anauza achinyamata a ku America kuti abwere ku Mexico kudzaphunzira ndi kudzaona dziko, koma asabwere kudzathandiza anthu amene chilankhulo chawo sachimva. Mawuwo anali olasa, komabe anadzutsa nkhani imene mpaka lero siinathe: wodzipereka akamaphunzira, amene amalipira maphunzirowo ndani? Mlendo wosadziwa ntchito akapatsidwa kalasi kapena odwala kwa milungu yochepa, iye amachoka ndi luso latsopano, pamene zolakwa zake zimatsalira ana ndi odwala aja, amene sanafunsidwe nkomwe ngati akulola.

Mbiri ya Malawi ili ndi chitsanzo cha mtundu wina. Mu 1876 William Koyi, Mxhosa wa ku sukulu ya Lovedale ku South Africa, anadzipereka pamodzi ndi anzake atatu kukathandiza mishoni ya Livingstonia. Chilankhulo chake chinali chofanana ndi cha Angoni, motero anatha kulankhula ndi Inkosi M'mbelwa ndi nduna zake popanda womasulira pa nthawi imene azungu a mishoniyo sakanatha kutero, ndipo anakhala pakati pawo, akudya nawo ndi kupirira kukayikira kwawo, mpaka anamwalira ku Njuyu mu 1886, chaka chomwe Angoni analola kuti sukulu zitsegulidwe m'dziko lawo.