Kukhulupirika kwa Yani?

Anthu a dziko la Holland, amene tiwatcha Adatchi, ali ndi liwu lalifupi lotanthauza kukhulupirika. Amalilemba trouw, nalitchula ngati "trau". Kumanga ukwati amati trouwen, ndipo mphete ya ukwati ndiyo trouwring. Kwa iwo tsono, kukwatira ndiko kulonjeza kuti sudzamtaya mnzako. Galu wosasiya mbuye wake amamtamanso ndi liwu lomweli.

Koma galu ali ndi mbuye mmodzi, pamene munthu amangidwa ndi malonjezo ambiri. Nanga malonjezo awiri akalimbana, asunge liti?

M'chaka cha 1940 ankhondo a Germany analanda dziko la Holland. Mu 1943 Akhristu ena a kumeneko anayamba kusindikiza nyuzi mobisa, yolimbikitsa anthu kuti asagonjere adaniwo. Anaitcha Trouw. Anyamata ndi atsikana ankaigawa m'manja, podziwa kuti akagwidwa angaphedwe. Ambiri anagwidwadi.

Mu August 1944 Ajeremani anatumiza mawu kwa atsogoleri a nyuziyo, kuti akaleka kusindikiza, anzawo okhala m'ndende sadzaphedwa. Atsogoleriwo anakhala pansi naupima mlanduwo, ndipo anakana. Pa 9 ndi pa 10 August amuna 23 anawomberedwa ku ndende ya Vught.

Owerenga, taimani pano pang'ono. Kodi anthu aja anasunga trouw, kapena anaiswa? Kwa dziko lawo anakhulupirika. Ankaona kuti akagonja kamodzi, mdani adzagwiranso ena mawa ndi kutseka pakamwa pa aliyense mwa njira yomweyo. Ndiponso lonjezo la mdani wotere likadakhulupirika bwanji? Mwina akadawaphabe. Ine ndiganiza kuti sanalakwe, pakuti ogawa nyuziwo analowa ntchitoyo akudziwa mtengo wake.

Komabe sindinena zimenezi ndi mtima wopepuka. Amene anasankha anali kunja kwa ndende, ndipo amene anafa anali m'kati. Mayi wa mmodzi wa iwo akadafunsidwa, kapena mkazi wovala mphete ija, ndikhulupira akadati, "Pepala lingasindikizidwenso, koma munthu wanga ndidzampeza kuti?" Nayenso akadakhala akunena za trouw, ndipo palibe akadamtsutsa pamaso.

Nkhondo inatha mu 1945. Nyuziyo inatuluka poyera, ndipo Adatchi akuiwerengabe mpaka lero, dzina lake lili lomwe lija.